Mmene a ku Udzuwouma Anatamandira Mfumu ndi Ndowa

Kuseri kwa mapiri amene aphunzitsi sawatchula m'kalasi kunali ufumu wotchedwa Zilibwino. Dzinali linali lothandiza kwambiri. Munthu wa kumeneko akafunsidwa kuti kwawo n'kuti, ankayankha kuti Zilibwino. Akafunsidwa kuti kwawoko zinthu zikuyenda bwanji, ankayankha chimodzimodzi, ndipo palibe amene ankamangidwa. Mwini ufumuwo anali Mfumu Chikhutiro Wachiwiri, munthu wa thupi labwino, wokonda kulankhula, wokondanso kwambiri kumvedwa. Likulu lake linali ku Khutukumve.

Kumapeto kwenikweni kwa ufumuwo, kumene msewu unkatopa n'kusanduka njira ya ng'ombe, kunali mudzi wa Udzuwouma. Nyumba zake zinali zofolera ndi udzu, zothithikana ngati chimanga pachitsononkho, ndipo m'chilimwe mphepo inkawomba ngati yachita kutumidwa. Moto ukayamba padenga limodzi unkapereka moni kumadenga onse a mzere umenewo.

Mudziwu unali ndi belu, koma osati ngati la kutchalitchi. Inali limu, chitsulo cha m'kati mwa tayala la lole. Kalekale, m'nthawi ya Mfumu Chikhutiro Woyamba, lole yonyamula zithunzi za mfumuyo inafera pamlatho wa mudziwo. Dalaivala ananena kuti akukatenga makaniko, ndipo ena amati mwina akubwerabe. Anthu anadikira mwaulemu mvula zingapo, kenako anayamba kuithandiza loleyo kuchepa. Matayala anasanduka nkhwayira, mpando wa dalaivala unalowa m'nyumba ya azamba, zithunzi za mfumu zinatseka mazenera. Inatsala limu imodzi. Chaka chimene moto unanyambita nkhokwe za kumadzulo anthu ali kumunda, amayi a m'mudzimo anaigubuduza limuyo mpaka pamsika, n'kuipachika pamtengo wa mango, n'kumangirira pambali pake chibawuti chomenyera.

Lamulo la belulo linali lalifupi: waona moto, menya. Mwana, nkhalamba, mlendo, chidakwa, aliyense. Likalira, wolima ankataya khasu, wosamba ankatuluka ndi thovu kumutu, wometedwa ankathamanga mbali imodzi ili ndi tsitsi. Anthu ankandanda kuyambira kuchitsime mpaka pamene pakuyaka, n'kumapatsirana ndowa. Odana chifukwa cha malire a munda ankaima moyandikana pamzerepo, n'kudzapitiriza chidani chawo moto utazima. Maukwati ambiri a m'mudzimo anayambira pamzere womwewo, poti mtsikana ankaonera pamenepo mnyamata wothamangira kumoto ndi wothamangira kukafuna nsapato.

Pansi pa mtengo wa belu pankakhala a Gwedeza, okonza njinga, ndi akazi awo a Nasiwelo, ogulitsa zitumbuwa. A Gwedeza anali munthu wa mawu ochepa. A Nasiwelo anali ndi mawu okwanira anthu awiri, motero banjalo silinkasowa kanthu.

Mavuto anayamba tsiku limene Mfumu Chikhutiro inabwera kudzatsegula chikwangwani cholengeza kuti ku Udzuwouma kudzabwera chitukuko. Anthu anasonkhana pamsika, amayi anavina, mfumu inaimirira pansi pa ambulera n'kuyamba kulankhula. Inayambira pa kubadwa kwa agogo ake. Dzuwa litafika paliwombo, mfumu ili pofotokoza za tsiku limene inamera mano, a Gwedeza anaona utsi ukufuka pachigafa cha fodya kuseri kwa msika. Sanafunse munthu. Anatenga chibawuti n'kumenya belu.

Bwalo lonse linakhuthuka. Oyimba ng'oma anasiya ng'oma zikugubuduka. Ngakhale munthu wogwira ambulera ya mfumu, amene amayi ake anali a m'mudzi momwemo, anaisiya m'manja mwa mwini wake n'kuthamanga. Mfumu inatsala ikulankhula kwa nduna zake ndi mbuzi zingapo zimene zinkadya maluwa a pachikwangwani. Chigafa chinapulumuka. Anthu atabwerera, onyowa ndi okondwa, anapeza fumbi la magalimoto lokha.

Ku Khutukumve kunachitika msonkhano waukulu wa nduna. Mfumu inakhala pampando, nkhope ili ndwii. Woyamba kuimirira anali a Nyambitani, Nduna ya Mbiri Yabwino, munthu amene ankaseka nthabwala za mfumu isanazimalize.

"Mwinidziko," anatero a Nyambitani, "ndalingalira mozama. Kuno kulikulu kulibe belu. Kodi munamvapo kuti kuno kwalira belu la moto?"

"Sindinamvepo," inayankha mfumu.

"Ku Udzuwouma kuli belu, ndipo chaka chilichonse timamva kuti kwapsa. Kumene kuli belu kuli mbiri ya moto. Kumene kulibe belu kuli bata. Ndiye wolakwa ndani?"

Nduna zonse zinawomba m'manja. Nduna ya Zaulimi, imene inkagona, inadzuka n'kuwomba nawo. Nduna ya Zachitetezo inati belulo likaponyedwe mumtsinje. Koma a Nyambitani anakana.

"Chitsulo chimene anthu amachimvera kuposa mfumu sichitayidwa, Mwinidziko. Chimalembedwa ntchito."

Motero kunatuluka lamulo. Mthenga wa boma anafika nalo ku Udzuwouma tsiku la msika, n'kukwera pa ngolo kuti aliwerenge. Linkati mabelu onse a m'dziko ndi a mfumu. Linkati belu lizimenyedwa potamanda mfumu basi, ndipo wolimenya pa chifukwa china adzakagwira ukaidi. Linkatinso popeza mu ufumu wa Zilibwino simuyaka zinthu, mawu akuti "moto" asamvekenso pagulu. Munthu akapanikizika azinena kuti "kufunda".

Anthu anamvetsera mwaulemu. Kenako mayi wina wogulitsa tomato anakweza mkono.

"Achimwene, nanga mbatata tiziotcha pa chiyani?"

"Pa kufunda, mayi."

"Nanga abusa akamalalikira za kumene kumapita ochimwa, azinena kuti chiyani?"

Mthenga anayang'ana pepala lake kutsogolo ndi kumbuyo. "Azinena kuti kumeneko n'kofunda."

"Ndiye ambiri tipita," anatero bambo wina wogulitsa makala. "Kuno June amavuta."

A Nasiwelo anatembenuza chitumbuwa m'mafuta. "Inu a boma, tambala wanga amalira m'mawa uliwonse osatchula dzina la mfumu. Ndimuphe, kapena mumutumiza kusukulu?"

Mthenga anati nkhani ya atambala ikadali m'manja mwa komiti.

Belu linapakidwa utoto wa mbendera, ndipo pansi pake anaikapo mlonda, a Dzoole, amene anapatsidwa chipewa chachikulu ndi ndodo. A Dzoole sanali munthu woipa. Ankadya zitumbuwa za a Nasiwelo n'kumadandaula za nsapato za boma kuti zimawapana.

Anthu anaseka lamulolo kwa milungu ingapo. Anasiya kuseka tsiku limene nyumba ya a Nankhoma inapsa. A Nankhoma anali mayi wamasiye wa ana amapasa, ndipo nyumba yawo inali kumapeto kwa mudzi. Masana ena mphepo inanyamula khala kuchokera pamafuwa n'kuliika padenga. Mayiyo anathamanga m'njira akukuwa kuti kufunda, kufunda, ndipo anthu amene anawamva ali m'minda anayang'ana dzuwa n'kuvomereza kuti kwafundadi. Amene anaona utsi ali pamsika anayang'ana belu, n'kuyang'ana ndodo ya a Dzoole, n'kuthamanga aliyense payekha ndi ndowa yake. Pofika, denga linali litagwa, ndipo nkhokwe inali kumaliza. Ana anapulumuka. Chimanga cha chaka chonse chinasanduka makala, chikununkhira ngati chokazinga.

A Gwedeza anaima paphulusapo nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Anali ataona utsiwo msanga kuposa wina aliyense.

"Abambo, tiyeni kunyumba," anatero a Nasiwelo.

"Ndinali pafupi nalo," anayankha a Gwedeza. "Chibawuti chinali apa."

Sipanapite nthawi, moto wolusa wochokera kutchire unafika kuseri kwa nyumba ya azamba, mkati muli mtsikana amene matenda ake anali atayamba. A Gwedeza anali kumata chubu cha njinga. Anaika chubucho pansi bwinobwino, anapukuta manja, anadutsa pamaso pa a Dzoole, n'kumenya belu mpaka utoto wa mbendera unayamba kusupuka. Mudzi wonse unatuluka monga kale. Mzere unandanda, moto unazima, ndipo mwana anabadwa utsi usanathe. A Dzoole nawonso anagwira ndowa. Atatha, anavala chipewa chawo n'kupita kwa a Gwedeza.

"Achimwene, mundikhululukire. Ndikapanda kukumangani, amanga ine."

"Dikirani nditseke bokosi la masipanala," anatero a Gwedeza.

Mlandu unakazengedwa ku Khutukumve pamaso pa mfumu yeniyeniyo. A Nasiwelo anakwera matola, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kukakhala kutsogolo. Usiku wa dzulo lake sanadye, koma pabwalo palibe amene akanadziwa. A Nyambitani ndiwo ankaneneza.

"Mwinidziko, munthu uyu anamenya belu lanu popanda kukutamandani. Analimenya chifukwa cha zinthu zina."

A Nasiwelo anagwada n'kuwomba m'manja. "Mwinidziko, ine ndine mkazi wa munthuyu. Iye salankhula, ndimamulankhulira ndine. Ndimati ndifunse a nduna: zinthu zinazo ndi ziti?"

"Mukudziwa bwino, mayi," anatero a Nyambitani. "Kunali..." Anaima. Anayang'ana mfumu. Mfumu inali kuwayang'ana mwachidwi. "Kunali kufunda."

"Kufunda kunalipo, bwana, ndi chilimwe chino. Kapena a nduna akufuna kunena kuti mu ufumu wa Zilibwino munayaka kanthu?"

A Nyambitani anati sananene zimenezo, sangazinene, ndipo amene wamva choncho ali ndi makutu oukira.

"Ndiye ndinene ine chimene chinachitika," anapitiriza a Nasiwelo. "Amuna angawa chikondi cha pa mfumu chimawagwira mwadzidzidzi, ngati chifuwa. Tsiku limenelo anali kumata chubu, anangokumbukira nkhope yanu, Mwinidziko, basi osapirira. Anamenya belu."

Mfumu inakhala tsonga. "Nanga ndowa? Ndamva kuti anthu anathamanga ndi ndowa za madzi."

"Ndiwo mwambo wathu, Mwinidziko. Kwathu kutamanda ndi pakamwa pokha timakuyesa ulesi. Ife timatamanda ndi madzi. Belu likalira timasankha denga la mnzathu mmodzi, n'kulithira madzi m'dzina lanu, kuti dalitso lanu lilowe mpaka m'nsichi."

"Ndipo mudzi wonse umabwera?"

"Ndi opunduka omwe. Ena amachita kulira."

Mfumu inatembenukira kwa a Gwedeza. "Iwe, zimene akunena mkazi wakozi n'zoona?"

A Gwedeza anaganiza pang'ono. "Mwinidziko, chikwatirane sindinawatsutsepo."

Mfumu inaseka mpaka mpando unalira, ndipo a Nyambitani anaseka nawo mochedwa, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo. A Gwedeza anamasulidwa. Ali m'matola pobwerera, a Nasiwelo anagwira mkono wa amuna awo osausiya mpaka pamlatho, uku akuwakalipira chifukwa chosiya chubu cha kasitomala padzuwa.

Kuyambira pamenepo mudzi wa Udzuwouma unayamba kukonda mfumu koopsa. Chikondicho chinkakula m'chilimwe, makamaka masiku a mphepo, ndipo chinkazilala mvula ikayamba. Woona utsi ankathamangira pamtengo wa mango akukuwa kuti mfumu ikhale ndi moyo, ndipo anthu ankafunsa kuti, "Ikhale ndi moyo kwa ndani?" Iye n'kuyankha, "Kwa a Likongwe, kukhitchini." A Dzoole ankatumiza mbiri kulikulu kuti anthu atamandanso, ndipo anakwezedwa pantchito n'kupatsidwa nsapato zowakwana. Pamzere womwewo anthu anagwirizana zomangira a Nankhoma nyumba ina, ndipo banja lililonse linatapako chimanga m'nkhokwe yake.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma mbiri ya chikondi cha a ku Udzuwouma inafika pochititsa mfumu njala. Inalengeza kuti ikubwera kudzaona mwambowo ndi maso ake.

Inafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Inaima pakati pa msika itavala mkanjo wolemera wa nthenga ndi mikanda, thukuta likuyenderera m'khosi, n'kulamula kuti belu limenyedwe. A Gwedeza anayang'ana akazi awo. Akazi awo anayang'ana kumwamba. Belu linalira, mzere unandanda kuchokera kuchitsime, ndipo ndowa yoyamba inafika m'manja mwa a Nasiwelo, amene anali kumapeto.

"Mwinidziko, tisankhe denga la ndani?"

"Denga la chiyani?" inatero mfumu. "Madenga mumawathira ine ndikakhala kutali. Lero mwini wake ndili pano. Nditamandeni ine."

Kukana kukanaulula bodza lonse, ndipo a Gwedeza akanabwerera kundende pamodzi ndi akazi awo. A Nasiwelo anapempha Mulungu chamumtima, anagwada pang'ono mwaulemu, n'kuikhuthulira mfumu ndowa yonse kumutu.

Nthenga zinagona. Mikanda inalira. Asilikali anagwira mfuti zawo. Mfumu inatseka maso, madzi akutsika m'makutu, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere ku Khutukumve m'mawa umenewo inamva kuzizira kokoma kumsana.

"Ina," inatero.

Okalamba a m'mudzimo amati chiyambire mzere wa ndowa sunayendepo mwachangu ngati tsiku limenelo. Anthu amene msonkho unawalanda mbuzi anapempha kuti aime kutsogolo. Bambo wa makala uja anatamanda kawiri. A Nankhoma, mayi wa mapasa, anabwera ndi mtsuko wawo waukulu umene unapulumuka pamoto, anauthira pang'onopang'ono osaphethira, n'kunena kuti, "Mulandire, Mwinidziko, zachokera pansi pa mtima."

A Nyambitani anali atabisala kuseri kwa galimoto ndi suti yawo yatsopano. Mfumu inawaona.

"Nduna yanga yagwira ntchito yaikulu. Nayonso ilaweko."

Mwatsoka, madzi a kuchitsime anali atatha. Anapezeka ndi a m'beseni la mayi wotsuka matemba.

Mfumu inabwerera kwawo ikuyetsemula koma yokondwa, ndipo sabata yomweyo inatulutsa lamulo lina: mudzi uliwonse mu Zilibwino ukhale ndi belu pamsika, khomo lililonse likhale ndi ndowa yodzaza madzi, ndipo belu likalira aliyense athamange. Malole akufa anatha m'misewu yonse. Midzi imene chiyambire inkangoonerera nyumba zikupsa inatumiza anthu ku Udzuwouma kudzaphunzira mwambo. A Nasiwelo ankawaphunzitsa kaimidwe ka pamzere ndi kasankhidwe ka denga loyenera dalitso. "Muziyamba ndi limene likufuka utsi," ankatero. "Limenelo ndiye limakhala ndi ludzu la mfumu." Chaka chimenecho nyumba zinapsa zochepa kuposa chaka china chilichonse, ndipo a Nyambitani analandira mendulo.

Kulikulu nakonso anagula belu, lamkuwa, lochokera kunja, lolira ngati nyimbo. Koma nduna zinali ndi masuti, akazi awo anali ndi tsitsi la kusaluni, ndipo a Nyambitani anali asanaiwale fungo la matemba. Anafotokozera mfumu kuti madzi enieni ndi a anthu akumudzi. Anthu ophunzira amatamanda ndi tanthauzo la madzi. Motero ku Khutukumve kunayamba kutamanda kouma. Nduna iliyonse inapatsidwa ndowa yonyezimira yolembedwa dzina lake, yopanda kanthu. Belu likalira, ankandanda malinga ndi maudindo, n'kumapatsirana ndowazo akuyimba, womaliza n'kukhuthula mpweya mwaulemu. Ankayeserera Lachisanu lililonse, ndipo alendo ochokera kumaiko ena ankati sanaonepo dongosolo lotere.

Tsiku lina masana, mafuta anagwira moto m'khitchini ya nyumba yachifumu. Wophika, amene kwawo kunali kumudzi, anathamangira belu lamkuwa n'kulimenya ndi mphamvu zake zonse. Nduna zinatuluka m'maofesi mosachedwa. Panali kukangana pang'ono ngati Nduna ya Zaulimi iyenera kuima patsogolo pa Nduna ya Zamalonda, koma zinakonzedwa. Ndowa zinayenda bwino, nyimbo inamveka mpaka kumsika, ndipo a Nyambitani, amene anali kumapeto, anakhuthula ndowa iliyonse molunjika pazenera limene linkatuluka malawi. Wophika ankakuwa kuti abweretse madzi, koma anauzidwa kuti asasokoneze mwambo. Mfumu inatulukira pakhomo la kumbuyo itanyamula mpando wake pamutu. Pofika madzulo, chimene chinatsala chili chiimire ku nyumba yachifumu chinali belu.

Mthenga wa boma anafika ku Udzuwouma tsiku la msika, n'kukwera pa ngolo yomwe ankakwerapo nthawi zonse. Anawerenga kuti mphekesera zakuti nyumba yachifumu yapsa n'zabodza. Mfumu Chikhutiro Wachiwiri, pokonda anthu ake, yaganiza zoyamba kugona mu tenti kuti izimva bwino madandaulo awo.

"Yaganiza bwino," anatero mayi wa tomato. "Nanga nyumba ija yaipereka kwa ndani?"

"Nyumba ija ikupuma," anayankha mthenga.

A Nasiwelo anatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba amuna awo anawatsogolera. A Gwedeza anali atagwada pa njinga, akupopa tayala, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Akanatiuza," anatero. "Tikanapita kukawatamanda."